Manambala a Chiroma ndi phunziro lake pa buku la ngongole

Wogulitsa mawotchi kapena mabuku akale amakumana ndi zilembo monga IV, IX ndi XII pa katundu wake. Amenewa ndi manambala a Chiroma, omwe anthu a mumzinda wa Rome ku Italy ankagwiritsa ntchito zaka zoposa 2,000 zapitazo. Aroma anawatengera kwa anansi awo a mtundu wa Etruscan, ndipo akatswiri ambiri amati chiyambi chake chinali timizere tomwe anthu ankatema pa ndodo powerenga ziweto ndi katundu.

Zilembo zake zilipo zisanu ndi ziwiri: I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, M ndi 1,000. Chilembo chochepa mphamvu chikabwera pambuyo pa chachikulu, amaphatikiza: VI ndi 6, LX ndi 60. Chikatsogola, amachotsera: IV ndi 4, XL ndi 40. Komabe mawotchi ambiri amalemba 4 ngati IIII. Wotchi yotere si yolakwika, ndipo wogulitsa asalole kutsitsa mtengo pa chifukwa chimenecho.

Manambalawa alibe ziro, ndipo kuchulukitsa kapena kugawa nawo n'kovuta. N'chifukwa chake amalonda a ku Rome ankawerengera ndi timiyala pa thabwa, n'kulemba yankho lokha. Mu 1202, Leonardo wa ku Pisa, wodziwika kuti Fibonacci, analemba buku lotchedwa Liber Abaci. M'bukumo anaphunzitsa amalonda a ku Italy manambala ochokera ku India, 0 mpaka 9, omwe iye anawaphunzira mumzinda wa Bugia, ku Algeria wa lero, komwe bambo ake ankagwira ntchito za malonda.

Sikuti onse anawalandira msanga. Mu 1299, bungwe la osintha ndalama mumzinda wa Florence linaletsa mamembala ake kulemba manambala atsopanowa m'mabuku a ndalama. Chifukwa chomwe chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti anali osavuta kuwasintha: kamzere kamodzi kankasandutsa 0 kukhala 6 kapena 9. Nawonso olemba manambala a Chiroma ankasamala. Ankamaliza nambala ndi j m'malo mwa i, monga iij pa 3, kuti wina asawonjezerepo kamzere.

Nkhawa ya amalonda a ku Florence ikadalipo m'misika ya lero. M'buku la ngongole, K5,000 ikhoza kusanduka K15,000 kapena K50,000 ndi cholembera chomwecho, ndipo mkangano ukabuka, wogulitsa ndi kasitomala amadana. Wamalonda wosamala amalemba ndalama kawiri, m'manambala ndi m'mawu, monga zimakhalira pa cheke cha kubanki. Sasiya mpata pakati pa K ndi nambala yoyamba, amatseka ndi mzere kumapeto, ndipo onse awiri amasainira tsiku lomwelo katundu asanachoke pa benchi.