Ming'alu ya m'mapulogalamu a intaneti: phunziro kwa eni mafoni

Amalonda a usipa ku Msaka, eni malo ogona alendo ku Chembe ndi ophunzira a pa Mangochi Boma onse amadalira foni pofuna mitengo, makasitomala kapena zotsatira za mayeso. Khomo lomwe amalowera pa intaneti ndi pulogalamu yotchedwa browser, monga Chrome, Firefox, Opera Mini ndi Safari.

Pulogalamu iliyonse imalembedwa ndi anthu, ndipo nthawi zina mumatsala ming'alu. Chigawenga chikatulukira mng'alu, chimakonza tsamba lolamula browser kugwira ntchito imodzimodzi kosalekeza. Foni imatentha, imauma, kenako n'kuzima. Akatswiri amatcha mchitidwewu denial of service, kutanthauza kutsekereza mwini chipangizo kuti asalandire thandizo lomwe akufuna. Mu Januwale 2016, link ina yomwe anthu ankatumizirana pocheza inazimitsa mafoni ambiri a iPhone mwa njira imeneyi. Nthawi zinanso zigawenga zimalanda zipangizo zambirimbiri n'kuzituma kuti zipanikize kompyuta imodzi ya bungwe mpaka ileke kuyankha.

Amalawi akudziwa kuwawa kwa ntchito ikaima. Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti zigawenga zasokoneza makompyuta a Nthambi Yoona za Anthu Olowa ndi Kutuluka m'Dziko, ndipo zikufuna dipo. Njira yawo inali ina, koma mapeto ake anali omwewo: ziphaso zinaleka kusindikizidwa kwa masabata angapo, ndipo ofuna kupita ku Joni anasowa mtengo wogwira.

Mankhwala ake si apatali. Makampani amamata ming'alu imeneyi kudzera mu update, choncho mwini foni asaumire bandulo uthenga wa update ukafika. Mapulogalamu atengedwe ku Play Store kapena App Store, osati kwa oika nyimbo pamsika. Link yosadziwika, ngakhale itachokera kwa mbale pa WhatsApp, isatsegulidwe mwaphuma. Foni ikauma, izimitsidwe, ndipo poiyatsa tsamba lija lisatsegulidwenso. Tsamba loopseza kuti foni yagwidwa ndi virus n'kupereka nambala yoti iimbidwe ndi msampha wa akuba.

Kusokoneza dala makompyuta ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Wovutitsidwa akadandaule ku polisi kapena ku bungwe la MACRA, ndipo makomiti a ADC ndi VDC afalitse uthengawu m'misonkhano yawo.