Mbewu Sadya: Kusungira Adzukulu Athu Mabuku ndi Nzeru

Tiwerenge ndime izi mosinthana, kenako tikambirane mafunso ali kumapeto.

1. Mlimi aliyense wa kuno kwa Msakambewa amadziwa kuti njala ingavute bwanji, chimanga cha mbewu sachipita nacho kuchigayo. Amachimangirira pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze ku anankafumbwe, chifukwa akachidya lero, mvula ikagwa adzasowa chobzala. Mabuku ndi nzeru za anthu zilinso mbewu yotere. Funso la phunziro lathu ndi ili: zinthu zitasokonekera m'dziko, sukulu zitatsekedwa, mafoni atazima, kodi adzukulu athu adzapeza chiyani choti ayambirenso?

2. Ambiri a ife tikukumbukira njala ya 2001 ndi 2002. Anthu anagulitsa mbuzi, njinga ndi ziwiya pamtengo wolira, ndipo ana ochuluka anasiya sukulu. Mmodzi wa anawo anali William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Makolo ake atalephera kumulipirira fizi ya kusekondale, iye anayamba kupita ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi sankachidziwa bwino, koma ankayang'anitsitsa zithunzi mpaka anamvetsa mmene mphepo ingapangire magetsi. Ali ndi zaka 14, anamanga makina oyendera mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, njinga yakutha ndi zitsulo zotola kudzala, ndipo m'nyumba mwawo munawala. Bukulo likanakhala kuti linatha ndi kukulungira matemba pamsika kapena kupichira fodya, mwanayo akanapeza shelefu yopanda kanthu. Panali anthu amene analisunga osadziwa kuti akusungira ndani.

3. Komatu kuunjika mabuku pamalo amodzi si chitetezo chokwanira. Pa 18 Disembala 2015, moto unawononga laibulale ya yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anapsa tsiku limodzi. Amene anali ndi makope ena kwina anatheka kuwapezanso. Koma chinthu chimene chinali ndi kope limodzi lokha, chikapsa chapita. Kwathu kuno adani a buku ndi achete kuposa moto: chiswe, makoswe, denga lodontha, ndiponso kubwereka kosabweza. Nazonso zosungidwa m'foni zimadalira batire ndi kakhadi kamene kangawonongeke tsiku lililonse.

4. Palinso laibulale ina yopanda makoma, imene ikupsa mwakachetechete pa maliro alionse a munthu wachikulire. Mphunzitsi Samuel Josia Ntara anaziona zimenezi kalekale. Iye anakhala pansi ndi akuluakulu, nafunsa, nalemba zimene anamva, ndipo m'menemo munatuluka buku la Mbiri ya Achewa. Analembanso za moyo wa Msyamboza, mfumu ya m'boma lathu lino la Dowa. Onse amene anamusimbira nkhanizo anatisiya, koma mawu awo tikuwerengabe. Mawu a akulu akoma akagonera, inde, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

5. Abale athu achibahá'í a ku Iran akutiphunzitsa mbali yotsala ya nkhaniyi. Boma la dziko lawo litawaletsa kulowa m'mayunivesite pambuyo pa chaka cha 1979, iwo sanayankhe ndi chiwawa. Mu 1987 anayambitsa sukulu yawo ya maphunziro apamwamba, Bahá'í Institute for Higher Education, imene makalasi ake ankachitikira m'nyumba za anthu. Aphunzitsi ambiri anali omwe anachotsedwa ntchito chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mu 1998, komanso mu 2011, akuluakulu a boma analowa m'nyumbazo, nalanda mabuku ndi makompyuta, namanga ena mwa aphunzitsi. Sukuluyo sinathe. Zimene zinali m'mabuku olandidwawo zinali zitalowa kale m'mitu ya anthu ofunitsitsa kuphunzitsa anzawo, ndipo zimenezo palibe akanazinyamula m'galimoto.

6. Choncho buku limapulumuka likakhala m'malo angapo ndi m'mitu ya anthu ambiri. N'chifukwa chake Bahá'u'lláh anaika pa makolo udindo wophunzitsa mwana aliyense kuwerenga ndi kulemba. 'Abdu'l-Bahá anafotokoza kuti ngati banja silingathe kuphunzitsa ana onse, mwana wamkazi ndiye ayambe, popeza mayi ndiye mphunzitsi woyamba wa mbadwo wotsatira. Tikamaloweza mapemphero ndi Malemba Oyera, tikamachititsa makalasi a ana pansi pa mtengo, tikamayenda ndi achinyamata achisodzera mpaka azitha kuwerenga momva, tikugwira ntchito yomweyi. Mudzi wokhala ndi bokosi la mabuku koma wopanda mwana wodziwa kuwerenga uli ngati munthu wosunga mbewu amene alibe munda.

7. Nanga ife tingayambire pati? Tisonkhanitse mabuku amene ali m'nyumba zathu, a Chikhulupiriro, a kusukulu, a zaulimi ndi a zaumoyo, ndipo tilembe mayina ake m'kope limodzi. Tiwasunge mu ndowa yapulasitiki yokhala ndi chivindikiro cholimba, pamalo okwera, osagunda khoma kapena pansi, ndipo tiziwatulutsa nthawi yachilimwe kuti chinyontho chichoke. Wobwereka aliyense azilembedwa dzina ndi tsiku. Ndiyeno achinyamata apite awiriawiri kwa agogo, ndi ulemu, akapemphe kuti alembe zimene agogowo angalole: kasankhidwe ka mbewu zamakolo monga mawere, mapira ndi nzama, kasungidwe ka mfutso, zizindikiro za mvula, malo amene kunali akasupe, ndi kumene mudzi wathu unachokera. Zachinsinsi za miyambo zili ndi eni ake, ndipo sitikakamiza munthu kuulula. Zolembedwazo tizikopere kawiri, kope lina likakhale m'mudzi wina.

Mafunso okambirana

a. Kodi buku lomaliza limene linawonongeka kapena kusowa m'nyumba mwathu linatha bwanji? Tikanachita chiyani kuti lipulumuke?

b. Ndi luso liti limene m'mudzi mwathu latsala ndi munthu mmodzi kapena awiri okha?

c. Kodi anzathu a mipingo ndi zipembedzo zina, aphunzitsi ndi mafumu tingawaitane bwanji kuti ntchitoyi ikhale ya mudzi wonse?

d. Pakhomo pathu, ndani amene akutsalira pa maphunziro ndalama zikavuta, ndipo n'chifukwa chiyani?

Zochita tisanakumanenso

Aliyense abwere ndi dzina la buku limodzi limene angabwereke ena, komanso chinthu chimodzi chimene waphunzira kwa munthu wachikulire, chitalembedwa papepala pamodzi ndi tsiku limene anachimva.