Makalata a Omvera: Mwana Akathyoka Pachigongono, Opaleshoni Ichitike Liti?

Mayi wina wa ku Ntcheu walemba kufunsa chifukwa chimene madokotala amachedwetsera opaleshoni mpaka m'mawa pamene mwana wathyoka pachigongono madzulo. Nkhawa ya mayiwa ndi yomveka, koma yankho lagona pa mmene fupa lathyokera ndiponso mmene magazi akuyendera m'dzanja.

Kuthyoka kofala mwa ana a zaka 5 mpaka 7, makamaka ogwa mumtengo atatambasula mkono, kumachitika pamwamba penipeni pa chigongono, ndipo madokotala amakugawa m'magulu atatu potsatira njira imene dokotala wina dzina lake Gartland anafotokoza mu 1959. Fupa likangosweka osasuntha, chikhakha chimakwanira, koma likasunthiratu, mwana amagonetsedwa ndi mankhwala, fupa limabwezeredwa m'malo mwake n'kugwiridwa ndi timawaya tachitsulo timene timachotsedwa pakatha milungu itatu kapena inayi. Ngati dzanja likufunda, zala zikugwedezeka ndipo kugunda kwa mtsempha kukumveka, kudikira maola ochepa kuti opaleshoni ichitike masana, akatswiri onse alipo, sikuwonjezera ngozi.

Zinthu zimasintha dzanja likazizira, likatuwa, likachita dzanzi, kapena ululu ukamakulirakulira, pakuti izi zingasonyeze kuti mtsempha waukulu wopita kudzanja wapanikizika, ndipo minofu yosowa magazi kwa maola angapo imafa n'kusiya zala zopindika mpaka kalekale. Pamenepo opaleshoni siyembekezera kucha kwa kunja, ndipo chipatala chaching'ono chiyenera kutumiza mwanayo msanga kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central.

Makolo asamange mkonowo molimba, asauwongole okha, ndipo apite naye mwanayo kuchipatala tsiku lomwelo.