PHUNZIRO: KUYESA MALAMULO A USODZI PA KOMPYUTA TISANAWAIKE PA NYANJA

Mawu oyamba

Komiti ya pagombe ikafuna kukhazikitsa lamulo, monga kutalikitsa nyengo yotseka nyanja kapena kuletsa ukonde wa maso ang'onoang'ono, asodzi amafunsa kuti: "Tikavomera, phindu tidzaliona liti, nanga pakadali pano ana adya chiyani?" Funsoli ndi loyenera. Kuyesa lamulo pa nyanja penipeni kumatenga zaka, ndipo likakhala lolakwika ovutika ndi mabanja athu. M'phunziro lino tiona njira yoyesera malamulo pa kompyuta, komanso chifukwa chake ntchitoyi siyenera kusiyidwa m'manja mwa akatswiri okha.

Kodi modelo ndi chiyani?

Modelo ndi chifaniziro cha nyanja chimene chimamangidwa ndi masamu mu kompyuta. Mumalembedwa mitundu ya nsomba, chakudya chake, msinkhu umene zimayamba kuswana, chiwerengero cha mabwato ndi maukonde, ndi nsomba zimene zimagwidwa pa chaka. Tikatero timaifunsa kompyuta kuti: "Nanga makoka atachepa ndi theka, chambo chidzakhala bwanji pakatha zaka zisanu?" Yankho la zaka zisanu limatuluka m'kanthawi kochepa, popanda nsomba ngakhale imodzi kufa.

Modelo imodzi yodziwika bwino ndi Ecopath. Anaiyambitsa ndi Jeffrey Polovina mu 1984 pofufuza za nsomba ku French Frigate Shoals, ku Hawaii. Pambuyo pake Villy Christensen ndi Daniel Pauly anaikulitsa, ndipo yagwiritsidwa ntchito pa nyanja zambiri, kuphatikizapo nyanja ya Malawi. Ntchito yake ndi kuwerengera kuti chikudya chinzake ndi chiti, ndipo asodzi akuchotsamo zochuluka bwanji.

Chifukwa chiyani pafunika modelo?

Pa nyanja zinthu zimakokana, chimodzi chikasuntha zinzake zimasunthanso. Chitsanzo ndi nyanja ya Malombe. Mu 1982 m'nyanjayi munagwidwa chambo choposa matani 8,000, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chosakwana matani 1,000. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha ankagwira kasawala asanakule, ankazula udzu wa pansi pa madzi umene ana a nsomba amabisalamo, komanso kufafaniza zisa zimene chambo chachimuna chimakumba pa mchenga. Chambo chitachepa, asodzi ambiri anatembenukira ku kambuzi, ndipo kambuzi amafuna ukonde wa maso ang'onoang'ono womwewo. Choncho vuto linkabala vuto linzake. N'chifukwa chake mu 1993 kunayamba ndondomeko yoti boma ndi asodzi aziyang'anira limodzi nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, ndipo lamulo la usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azitenga nawo mbali.

Palibe munthu amene angasunge zokokanakokana zonsezi m'mutu mwake nthawi imodzi. Apa ndi pamene modelo imathandiza.

Kompyuta siidziwa nyanja

Tisanamizane, kompyuta imangobweza zimene yapatsidwa. Ikapatsidwa chiwerengero chabodza, yankho lakenso ndi labodza. Katswiri amadziwa masamu ndi kakulidwe ka nsomba, koma msodzi ndiye amadziwa malo amene chambo chimaswana, kumene anthu amasamukira mwera ukakula, ndi zimene alovi amachita nyanja ikatsekedwa. Amayi ogula ndi kuwamba nsomba amadziwa mmene mitengo imasinthira. Modelo yosowa nzeru zimenezi ikhoza kuonetsa kuti lamulo ndi labwino, pamene pagombe palibe amene angalitsate.

Akuluakulu a ku Chilwa, mwachitsanzo, amakumbukira kuti nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kuphweratu mu 2018. Amadziwanso maiwe a m'mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Phalombe mmene matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira madzi akachepa. Modelo ya Chilwa imene ilibe zimenezi ndi yopanda ntchito.

Mmene anzathu anachitira ku Senegal

Akatswiri a bungwe la CIRAD la ku France anakonza njira yomanga modelo pamodzi ndi eni ake a malo, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Cormas. M'chigwa cha mtsinje wa Senegal munali mikangano pakati pa alimi ndi oweta ziweto pa nkhani ya madzi ndi msipu. Gulu la Patrick d'Aquino silinabwere ndi modelo yomaliza kale. Alimi ndi abusa anajambula okha mapu a dera lawo, nakonza sewero lokhala ndi malamulo amene iwo eni anagwirizana. Atasewera, malamulo omwewo analowetsedwa mu kompyuta kuti aone zotsatira za zaka zambiri. Popeza modeloyo inali yawo, ankatha kuitsutsa ndi kuikonza, ndipo zokambirana zinachoka pa kulozana zala n'kupita pa kuyesa njira zothetsera vuto. Lipoti la ntchitoyi linasindikizidwa mu 2003.

Yesani izi pa msonkhano wa komiti

Simufunika kompyuta kuti muone mmene modelo imagwirira ntchito. Tengani lichero ndi nyemba. Lichero ndi nyanja, nyemba ndi nsomba.

1. Ikani nyemba 40 m'lichero ndipo sankhani anthu anayi akhale asodzi.
2. Chaka chilichonse cha seweroli, msodzi aliyense atenge nyemba zimene mwagwirizana.
3. Pa nyemba ziwiri zilizonse zotsala, mlembi awonjezere imodzi. Kumeneku ndiye kuswana. Nyemba zisapitirire 60, chifukwa nyanja nayo ili ndi malire.

Aliyense akamatenga 5, chaka chachiwiri chiyamba ndi nyemba 30, chachitatu ndi 15, ndipo zithera pomwepo. Akamatenga 4, ziyenda motere: 36, 30, 21, 7, n'kutha chaka chachisanu. Koma akamatenga 3, ziyenda 42, 45, 49, 55, mpaka lichero kudzaza. Onani kuti kusiyana kwa nyemba imodzi yokha ndi kumene kwapulumutsa nyanja. Onaninso kuti otenga 4 sazindikira msanga kuti zinthu zikuipa, chifukwa kwa zaka zinayi aliyense amapezabe gawo lake lonse.

Kenaka onjezani zimene zimachitika kwanuko: chaka cha chilala chimene nsomba siziswana, msodzi wachilendo wachisanu, kapena wina wotenga mobisa usiku. Mukatero ndiye kuti mwamanga modelo yanu. Kompyuta imachita zomwezi, kungoti imawerengera mitundu yambiri ya nsomba ndi zaka zambiri.

Udindo wa komiti

1. Lembani m'kaundula mabwato, maukonde ndi nsomba zofika padoko. Musachepetse poopa msonkho kapena kuchulukitsa poyembekezera chithandizo.
2. Ofufuza akabwera, afunseni funso limene modelo yawo ikufuna kuyankha, ndipo perekaninso mafunso anu.
3. Pamsonkhano pasakhale eni zida okha. Alovi, amayi a geni ya nsomba ndi mafumu akhalepo.
4. Pemphani kuti zotsatira zibwere kugombe m'chilankhulo chanu. Zikasiyana ndi zimene mumaona pa madzi, nenani poyera kuti modelo ikonzedwe.
5. Kumbukirani kuti modelo siilosera ngati mneneri ndipo siikhazikitsa lamulo. Imangoonetsa kumene njira iliyonse ingatifikitse. Kusankha ndi kwa inu pamodzi ndi boma.

Mafunso okambirana

1. Ndi lamulo liti limene komiti yanu ingafune kuliyesa lisanakhazikitsidwe?
2. Ndi zinthu ziti za gombe lanu zimene mlendo wofufuza sangazidziwe popanda kuuzidwa?
3. Mu sewero la nyemba, munachita naye chiyani munthu wotenga mobisa?

Mlembi alembe mayankho anu ndi kuwapereka kwa mlangizi wa za usodzi wa dera lanu pa msonkhano wotsatira.