Tembenuzani kabokosi musanapake: phunziro la mankhwala a zidzolo

Tsegulani makope, mulembe mayina atatu ali pabolodiwa osasintha ngakhale chilembo chimodzi: hydrocortisone, betamethasone, clobetasol. Ndikufuna muwadziwe bwino chifukwa kwanu ndinu amene mumatumidwa. Amayi akamayabwidwa m'khwapa, bambo akatuluka zipere m'mphechepeche, agogo akamakanda usiku wonse, ndalama amapatsa inu kuti muthamangire pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Nkando mukagule kirimu wa zidzolo. Mukabwerako ndinunso amene mumawerenga zolembedwa pa kabokosi, poti zili m'Chingerezi, ndipo zina zolowera pa Muloza kuchokera ku Milange zili m'Chipwitikizi.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. Khungu lili ndi njira zochepa zotiuzira kuti lavutika: limayabwa, limatupa, limasintha mtundu, limasupuka kapena limatuluka matuza. Koma zoyambitsa n'zambiri, ndipo kuno ku Mulanje tili nazo pafupifupi zonse. Mvula yathu ndi yochuluka, chiperoni chikayamba zovala siziuma msanga, ndipo wothyola tiyi amalowa m'munda mame asanakamuke, pulasitiki ili m'chiuno, majombo kumapazi, thukuta lili kamukamu mpaka madzulo. Malo ofunda ndi onyowa otere amakondedwa ndi tizilombo ta fangasi, timene timayambitsa zipere zozungulira zija, kuyabwa kwa m'mphechepeche ndi kunsi kwa mabere, komanso kusupuka kwa pakati pa zala zakumapazi.

Mphere ndi nkhani ina. Kachilombo kake kamaboola khungu n'kuikira mazira m'katimo. Kuyabwa kumakula usiku, kumakonda m'mipata ya zala, m'mikono ndi m'chiuno, ndipo sikukhalira munthu mmodzi pakhomo. Kumene anthu agona mothithikana, monga zinalili m'makalasi ndi m'matchalitchi namondwe wa Freddy atatisakaza mu Marichi 2023, mphere imafala mosavuta. Palinso kuyabwa kobwera ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi tintchentche takuda timene timaswana m'mitsinje yothamanga yotsika m'phirimu. N'chifukwa chake Mulanje, Thyolo ndi Phalombe ali m'gulu la maboma amene anthu akhala akulandira mapiritsi a Mectizan chaka ndi chaka. Tinyongolotsito kirimu sangatiphe. Zidzolo zina zimabwera chitetezo cha m'thupi chikatsika, zina ndi sopo kapena mankhwala opopera m'munda amene khungu lawakana. Ndipo chigamba chotuwa chosayabwa konse, chimene munthu samva ukachikhudza ndi thonje, chingakhale khate, lomwe lili ndi mankhwala ake akumwa kuchipatala. Tsono kachubu kamodzi kangathe bwanji zonsezi?

Mayina atatu aja ndi a banja limodzi lotchedwa steroid. Sapha kachilombo kalikonse. Ntchito yawo ndi kuziziritsa nkhondo imene thupi likumenya pakhungupo. Amafinya timitsempha ta magazi, amaletsa asilikali a m'thupi kuthamangira pamalopo, ndiye kutupa kumaphwa, kuyabwa n'kuleka, mwina usiku umodzi wokha. Pamene thupi likuchita ukali popanda mdani weniweni, monga pa matenda a eczema, amenewa ndi mankhwala abwino zedi, ndipo chiyambire 1952 pamene hydrocortisone anayamba kupakidwa pakhungu athandiza anthu osawerengeka. Adokotala akawalembera makolo anu, apake monga auzidwira, asaope. Koma pamene pali mdani weniweni, fangasi kapena kachilombo ka mphere, kupaka steroid kuli ngati kumanga pakamwa galu amene akuuwa mbala usiku. Pakhomo pamakhaladi zii, anthu n'kugona tulo, mbala ikukokolola m'nkhokwe.

Apa okonda masamu tcherani khutu. Pa chubu cha hydrocortisone pamalembedwa 1%, pa betamethasone 0.1% kapena 0.05%, pa clobetasol 0.05%. Wongoyang'ana manambala anganene kuti clobetasol ndiye wofooka pa onse. Ayi ndithu. Amaikamo pang'ono chifukwa ndi waukali. Betamethasone amaposa hydrocortisone mphamvu pafupifupi maulendo 100, clobetasol mpaka maulendo 600. N'chifukwa chake madokotala amapereka clobetasol kwa masabata ochepa okha, osapitirira magalamu 50 pa sabata, ndipo osati kumaso. M'mafamase, mankhwala awiri amphamvuwa amapezeka ndi mayina ngati Betnovate ndi Dermovate, ndi ena ambirimbiri. Pa katundu wa ku Mozambique mudzawerenga betametasona. Dzina lalikulu lokongoletsedwa kutsogolo ndi la malonda chabe. Zimene zili m'katimo zimalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono kumbali kapena kumbuyo, pansi pa mawu akuti Composition kapena Each gram contains. Pamenepo ndi pamene muziyambira kuwerenga, ndalama isanachoke m'manja.

Taonani zimene zimachitika munthu akapaka steroid wamphamvu pa chipere. Sabata yoyamba kuyabwa kwatha, m'mphepete mwa chipere muja mwafafanizika, iye ati ndachira, n'kusiya. Patapita masiku angapo chabwerera, chokulirapo. Apakanso, chikhalanso chete. Pakutha miyezi itatu, chipere chimene chikanaphimbika ndi chala chachikulu chayala ntchafu zonse ziwiri, matako ndi pamimba, ndipo maonekedwe ake ozungulira asokonekera moti ngakhale a chipatala amavutika kuchizindikira. Madokotala a ku Britain anazilemba kale zimenezi mu 1968. Pa mphere n'chimodzimodzi: tizilombo timaswana mwaufulu, ndipo kwa munthu wa chitetezo chochepa khungu limatha kuchita nkhanambo zokhuthala zodzaza tizilombo, iye n'kupatsira nyumba yonse.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi makirimu osakaniza aja, olonjeza kuthana ndi fangasi, mabakiteriya ndi kuyabwa pakamodzi. Mukawerenga kumbuyo mupeza zinthu zitatu kapena zinayi: clotrimazole kapena tolnaftate wa fangasi, neomycin kapena gentamicin wa mabakiteriya, kenako betamethasone kapena clobetasol. Wogula amaona ngati wapindula. Koma steroid ndiye amagwira msanga, amabisa zizindikiro, munthu n'kuleka kupaka fangasi asanafe. Neomycin nayenso amadziwika kuti khungu la anthu ena limamukana, ndiye munthu amapaka kuti achize zidzolo, mankhwalawo n'kumabala zidzolo zina pamwamba pake. Ku India, kumene makirimu otere akhala akugulidwa mwachisawawa kwa zaka zambiri, kwabuka mtundu wa fangasi wosamva mankhwala odalirika ngati terbinafine. Unapatsidwa dzina la Trichophyton indotineae mu 2020, wafika kale ku Ulaya ndi ku America, ndipo madokotala a khungu a ku India amaloza chala makirimu omwewa. Mankhwala ambiri a m'dziko muno amapangidwa ku India komweko, choncho nkhaniyi si yakutali.

Malo opakapo nawonso ndi ofunika. Mu 1967 ofufuza awiri a ku America, Feldmann ndi Maibach, anayeza mmene hydrocortisone amalowera m'thupi kudzera pakhungu. Pa mkono akalowa muyeso umodzi, pamphumi amalowa 6, pansagwada 13, ndipo pa khungu la kumaliseche kwa mwamuna 42. Onani tsono kuti malo amene anthu amachita nawo manyazi kuonetsa a chipatala, n'kumadzipaka okha mobisa, ndi omwewo amene amamwa mankhwala kwambiri. Pakatha miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, m'khwapa ndi m'ntchafu mumatuluka mizere yaikulu yofiirira imene sifafanizikanso moyo wonse. Kumaso kumabuka ziphuphu, ndipo pafupi ndi diso steroid angathe kuwononga kuona. Wopaka thupi lonse kwa nthawi yaitali nkhope imatupa n'kukhala yozungulira, magazi amathamanga, shuga amakwera.

Muyeso woyenera ndi uwu, ndipo yesani ndi chala chanu chamkombaphala pamene ndikufotokoza. Finyani kirimu kuchokera kunsonga ya chalacho kufika pa mzere woyamba wopindikira. Kameneko ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo kamakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Osamata ngati phala, osakulunga ndi pulasitiki pamwamba pake. Hydrocortisone wogula nokha asapitirire masiku asanu ndi awiri musanaonane ndi a chipatala.

Pali chinthu china chimene sindingachidumphe, ndipo ndikulankhula ndi atsikana ndi anyamata omwe. Steroid wamphamvu amayeretsa khungu, ndiye makirimu amene anapangidwira odwala asanduka mafuta odzola. Ena amawasakaniza m'botolo la mafuta a tsiku ndi tsiku n'kumadzola thupi lonse, mwina ndi mwana yemwe. Akafuna kusiya, nkhope imatentha, imatupa, imayabwa, iwo n'kuganiza kuti adwala zidzolo, n'kukagula kachubu kena. Amene wafika pamenepa apite kuchipatala akamuthandize kusiya pang'onopang'ono, ndipo musamuseke. M'mafuta oyeretsa khungu mumakhalanso hydroquinone, amene akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amadetsa masaya ndi madontho akuda bii osachoka. Dziko la South Africa linaona anthu ambiri atawonongeka nkhope motere, ndipo linamuletsa m'zodzoladzola mu 1990. Choopsa koposa ndi mercury, amene amalembedwa kuti calomel, mercurous chloride kapena mercurio, ndipo kawirikawiri salembedwa n'komwe. Amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, ndipo mwa mayi woyembekezera amafika kwa mwana. Pangano la mayiko la Minamata la mu 2013, lotchedwa dzina la tauni ya ku Japan kumene anthu anapuwala ndi kufa ndi mercury, linaletsa zodzola zokhala ndi mercury wopitirira miligalamu imodzi pa kilogalamu. Ine ndimati khungu lakuda lathuli, limene limatiteteza ku dzuwa, silifunika kuchizidwa chifukwa si matenda.

Nanga oyenera ndi ati? Pa zipere pali clotrimazole 1% kapena miconazole 2% ali yekha, wopanda steroid, kupaka kawiri pa tsiku kwa masabata awiri mpaka anayi, n'kupitiriza sabata ina chipere chitazimiririka. Palinso Whitfield wakale uja, wokhala ndi benzoic acid 6% ndi salicylic acid 3%. Amachedwa koma amagwira. Kungoti amalasa pa khungu losupuka ndi m'mphechepeche, ndipo sayenera kupakidwa thupi lonse. Pa mphere pali benzyl benzoate 25% kapena permethrin 5%. Amapakidwa kuyambira m'khosi mpaka kumapazi, osasiya m'mipata ya zala, ndipo onse a m'nyumbamo alandire chithandizo tsiku limodzi, ngakhale amene sakukanda. Benzyl benzoate amatentha pokandidwa, asafike m'maso, ndipo wa akulu asapakidwe kwa mwana a chipatala asananene kasungunulidwe kake. Zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha, kapena zimangidwe m'thumba la pulasitiki masiku osachepera atatu. Kuyabwa kumatha kupitirira masabata awiri kapena anayi tizilombo titafa kale, ndiye musathamangire kupakanso. Calamine ndi zinc oxide amangoziziritsa, sachiza, koma savulaza. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa anene zimenezi asanapatsidwe chilichonse.

Mafuta ofewetsa khungu ngati Vaseline ndi emulsifying ointment ndi ofatsa, komabe akalowerera m'chitenje kapena m'bulangete nsaluyo imayaka msanga, ndipo boma la Britain linachenjeza za zimenezi mu 2018. Agogo amene mwawadzoza thupi lonse asayandikire kwambiri mbaula. Za mafuta a mabuleki, oyilo wakutha wa injini ndi madzi a m'batire zimene ena amapaka pa zipere sinditayirapo nthawi: zimawotcha khungu n'kusiya chilonda.

Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ndilo limapereka ziphaso kwa mafamase ndi masitolo a mankhwala. Woyala machubu pa thebulo la pamsika, padzuwa, alibe chiphaso chimenecho, ndipo nthawi zambiri iye mwini sadziwa chimene chili m'katimo. Kachubu kopanda mndandanda wa zosakaniza, kopanda dzina la fakitale, kapena kamene tsiku lolembedwa pa EXP ladutsa, kasiyeni pomwepo. Ndikudziwa kuti kuchipatala kumakhala mzere, ndipo masiku ena mankhwala kulibe. Komabe kupita kuti akaone khungulo n'kulemba dzina la mankhwala m'kabuku ka kuchipatala n'kopindula, chifukwa mukakagula mukudziwa chimene mukufuna. Alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu angakuuzeni koyambira.

Chomaliza lembani ndi zilembo zazikulu. Munthu amene wayamba mapiritsi atsopano masiku kapena masabata apitawo, kaya Bactrim, Fansidar, ma ARV, mankhwala a TB kapena a khunyu, ndiye watuluka zidzolo thupi lonse, thupi latentha, maso afiira, milomo ndi m'kamwa mwachita zilonda, khungu layamba matuza kapena kusendeka, ameneyo si wa kirimu ayi. Thupi lake lakana mankhwalawo moopsa, ndipo anthu amafa nazo zimenezi. Asamwenso piritsi lina a chipatala asanamuone. Musadikire kuti kuche. Pezani njinga kapena galimoto, mupite naye ku chipatala chapafupi, ku chipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission, ndipo munyamule kabuku kake ndi mapaketi onse a mankhwala amene wakhala akumwa ndi kupaka.