Apongozi andiletsa jakisoni wa kusikelo

Azakhali,

Ndili ndi zaka 22 ndipo ndili ndi pathupi poyamba, pa miyezi 6. Nditayamba sikelo anandibaya katemera wa kafumbata, koma mkono unatupa masiku awiri. Apongozi anga ataona anati ndisakabayitsenso, eti majakisoni amenewa amachititsa kupita padera komanso amatseka chiberekero. Akuti iwo anabereka ana 8 popanda jakisoni. Amuna anga angoti, "Mverani amayi." Tsiku la jakisoni wachiwiri linadutsa kale. Nditani?

Wothedwa nzeru, Ntcheu

Mwanangu,

Pita ukabayitse wachiwiriyo sabata yomwe ino. Kuchedwako sikunaononge kanthu, anamwino adzangopitiriza pamene analekezera. Chachikulu n'chakuti ubayitse kudakali masabata awiri kapena kuposerapo usanachire, kuti thupi lako lipeze nthawi yopanga chitetezo n'kugawirako mwana kudzera m'nsengwa. Jakisoni mmodzi yekha sakwanira.

Mwina sunaonepo khanda logwidwa ndi kafumbata. Limabadwa bwinobwino, masiku awiri oyamba n'kumayamwa ndithu. Kenaka, pakati pa tsiku lachitatu ndi la 28, limaleka kuyamwa chifukwa nsagwada zauma, kakamwa sikatseguka. Thupi limauma gwa, msana n'kupindikira kumbuyo, ndipo kaphokoso pang'ono kapena kungolikhudza kumalichititsa kugwedezeka. Makanda ambiri otere sapulumuka ngakhale afike kuchipatala. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timalowera pamchombo: lezala lakuda, ulusi wakuda, phulusa kapena zitsamba zothira pabala kuti "pauume msanga." Katemera wake mwana amayamba kulandira akakwana masabata 6. Asanafike pamenepo, chimene chimamuteteza ndi chija wamupatsa iwe ali m'mimba, basi. Nawenso umatetezeka, pakuti mabala a pobereka ndi khomo lina la matendawa.

Za kupita padera ndi kutseka chiberekero, ayi, n'zabodza. M'katemerayu mulibe kachilombo kamoyo, muli poizoni wa kafumbata wophedwa mphamvu kuti thupi limuzindikire. Pali akatemera ena, monga wa chikuku, amene sapatsidwa kwa mayi woyembekezera, ndipo anamwino amawadziwa. Uwu si umodzi wa iwo. Kutupa kwa mkono kumachitika kwa ambiri ndipo kumatha kokha. Ikapo kansalu konyowa ndi madzi ozizira.

Tsono apongozi ako usawatenge ngati adani. Akuopa kutaya mdzukulu, ndipo n'zoona kuti anabereka ana 8. Koma tsiku lina mukusenda mtedza awiriwiri, uwafunse mwaulemu kuti, "Kodi amayi, kale m'mudzi muno munalibe makanda omwalira asanatuluke m'chikuta, atakana bere?" Amayi a msinkhu wawo ambiri amakumbukira, kungoti ankazitcha maina ena. Mu 2002 Malawi anavomerezedwa kuti wagonjetsa kafumbata wa amayi ndi makanda, kutanthauza kuti odwala anachepa kwambiri, ndipo katemera yemweyu ndi kuchirira kuchipatala ndi zimene zinathandiza. Tizilomboto sitinachoke m'dothi ayi. Uwapemphe akuperekeze kusikelo akafunse okha anamwino. Mawu amene angawakane kwa mpongozi amatha kuwamva kwa munthu wa yunifomu. Ndi apongozi akowo omwe adzasambitse khandalo, choncho akamve komweko kuti pamchombo sipapakidwa chilichonse kupatula mankhwala amene achipatala apereka.

Amene wandikhumudwitsa ine ndi mwamuna wakoyo. "Mverani amayi" ndi yankho la munthu wothawa mlandu. Mwana ndi wake, ndipo masiku ano kusikelo abambo amaitanidwa. Muuze mosapsatira kuti wasankha kukabayitsa ndipo ukufuna apite nawe. Akakana, pita wekha kapena ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Sipafunika chilolezo cha wina aliyense.

Buku lako la kuchipatala ulisunge bwino, chifukwa majakisoniwa ndi asanu. Wachitatu amabwera patatha miyezi 6 chibayireni wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu motalikirana chaka chimodzi. Ukamaliza onse, watetezeka zaka zako zonse zobereka, ndipo pathupi potsatira sudzayambanso kukangana ndi munthu za mkono wotupa.

Azakhali