Malangizo: Agogo, Mawondo Asaume

Lero tikambe za thupi la munthu wachikulire.

Ambiri mukangosiya kupalasa bwato ndi kukoka khoka, mumaswera pansi pa mtengo wa mango, bawo pamiyendo. Bawo imanola mutu, inde, koma mawondo amauma. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wa zaka 65 kapena kuposera apo azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Nambalayo isakuopseni: ndi mphindi 30 zokha, masiku asanu.

Yambani ndi kuyenda m'mbali mwa nyanja m'mamawa, dzuwa lisanawawe. Pondani pa mchenga wonyowa. Wouma uja umatitimira, umatopetsa msanga. Yendani mwandawala pang'ono moti mtima ugunde, koma muzithabe kucheza ndi mnzanu. Amayi, chioda musasiyire atsikana okha. Abambo, malipenga sakana imvi! Kunyumba, dzukani pampando osagwirira kanthu, mukhalenso, mpaka kakhumi. Ntchafu zikalimba, munthu sagwa wamba.

Kusambira kumathandiza odwala nyamakazi, koma pewani m'mabango ndi pamadzi odikha. Mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, mwinanso ng'ona.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, imani pomwepo, mupite ku chipatala. Odwala BP kapena shuga, kaonaneni ndi adokotala musanayambe.

Mawa m'mamawa tengani botolo la madzi akumwa, mukagogode kwa mnzanu, munyamukire limodzi.